Chimbale cha Marvin Gaye chimene anthu amachidumpha

Achimwene mwafunsa kuti ndi chimbale chiti chakale cha soul chimene ndi chabwino koma anthu sachitchula. Kwa ine ndi Here, My Dear cha Marvin Gaye, chinatuluka mu Disembala 1978. Anthu akangomva za Marvin amathamangira What's Going On, ndi chabwino inde, koma ichi ndiye chimandikhudza mpaka mkati.

Nkhani yake inali chonchi. Marvin anakwatira Anna Gordy, mlongo wake wa Berry Gordy yemwe panthawiyo anali mwini kampani ya nyimbo ya Motown, ndiye kuti bwana wake analinso mlamu wake. Anna anali wamkulu kwa Marvin ndi zaka 17. Banja litatha Marvin analibe ndalama zolipira, ndiye anagwirizana kuti Anna alandire madola 600,000 kuchokera pa chimbale chotsatira. Poyamba mkuluyu amafuna kungojambula mwachisawawa zimutaye, koma atalowa mu situdiyo yake ku Hollywood zinamulowa, anayamba kukhuthula zonse, chikondi chawo choyamba, mikangano, maloya, nsanje, ngakhale zolakwa zake zomwe, mpaka nyimbo zinadzaza mbale ziwiri.

Nyimbo yoti muitchere khutu kwambiri ndi When Did You Stop Loving Me, When Did I Stop Loving You. Ilibe kolasi yoti muziyibwereza ayi, amangoyankhula ndi mkaziyo moimba, pena akudandaula pena wapsa mtima, ndipo mawu onse amene akumuyankha kumbuyowo ndi ake omwe anawasanjikiza yekha. Ine ndinaimvera koyamba usiku magetsi atazima, mahedifoni kumakutu, itafika poti akukumbutsa malumbiro a paukwati ndinaimitsa kaye foni ndikukhala phee mumdima. Amene anaonapo banja likutha, kaya lake kaya la makolo ake, amva zimene ndikunena. Pa Anna's Song pali pena pamene amakuwa dzina la Anna, thupi limachita tsemwe ndithu.

Chinagwa pamsika chifukwa nthawi imeneyo kunali kwa disiko, anthu amafuna zovina osati mavuto a m'nyumba mwa munthu, olemba nkhani ambiri anachinyoza, Anna nayenso sanakondwe kuti zam'nyumba zaikidwa poyera. Marvin anamwalira mu 1984 chisanayambe kuyamikiridwa, ulemu unabwera atachitulutsanso pa CD mu 1994.

Musachimvere mukuchapa kapena muli mu minibasi, ndipo musadumphe nyimbo, chimayenda ngati nkhani imodzi. Pezani ola limodzi ndi mphindi zingapo muli nokha, mukamaliza mudzandiuze kuti nyimbo ya Anger yakutani.