Madzi aphwera, koma kodi mtsinje ndi womwe uja?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti iye ndi anzake atatu akhala akupalasa timabwato ta makayaki kwa zaka zisanu mumtsinje wodutsa mumpata wa matanthwe. Mtsinjewo unasefukira milungu iwiri yapitayo, koma tsopano ndodo yoyezera madzi ya pamlatho yabwerera pa mzere wa masiku onse. Akufunsa ngati angalowemo Loweruka lino.

Achimwene, ndodoyo musaikhulupirire kwambiri. Imangokuuzani pomwe madzi afika pamlathopo. Ngati pansi pake padzaza mchenga kapena pakumbika, mzere womwewo ukhoza kutanthauza madzi ochepa kapena ochuluka kuposa kale. Za kumpata kwenikweniko ndiye sikudziwa kalikonse.

Pachigwa madzi osefukira amamwazika. Mumpata alibe kothawira, amangokwera ndi kuthamanga. Kiyubiki mita imodzi ya madzi imalemera tani imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi. Miyala yomwe munazolowera kuilambalala imagubuduzika n'kukakhala pena. Mu Disembala 1966, chimvula chinakokolola matope ndi miyala mu kamtsinje ka Crystal Creek n'kukazikhuthulira mumtsinje wa Colorado, mumpata waukulu wa Grand Canyon ku America. Malo omwe anthu ankadutsa osawaganizira anasanduka Crystal Rapid, amodzi mwa malo oopedwa kwambiri mumtsinjewo mpaka lero. Zaka zisanu zanuzo ndi chuma, inde, koma zingakupusitseninso, chifukwa manja amapalasa molowera njira yakale maso asanaone kuti yatsekeka.

Chomwe chimandisowetsa tulo kwambiri ndi mitengo. Madzi akamaphwera amasiya mitengo yathunthu itapingasa, makamaka pokhota ndi popanikiza, pomwe simungaone patali. Madzi amadutsa m'nthambi bwinobwino, koma munthu sadutsa. Amamukanikiza pamenepo, ndipo jekete loyandamitsa silingamuchotsepo. Ine ndinakodwapo pamtengo wotere, madzi ofika m'chiuno okha, koma panafunika anthu awiri ndi chingwe kuti anditulutse. Nthambi yomwe inandigwira sinkaoneka n'komwe, chifukwa madzi anali akadali amatope. Mawaya a mipanda ndi malata zimabweranso limodzi ndi mitengoyo.

Ganiziraninso za timalo tabata ta kuseri kwa miyala, tomwe mumaimapo kuti mupume ndi kusuzumira kutsogolo. Tina tafotsereka, tina tasanduka madzi ozungulira. Tinjira tam'mbali tonyamulirapo bwato mwina tinagumuka, ndipo mumpata ukalowa sutulukira paliponse. Pa Zambezi, mumpata wa Batoka Gorge kumunsi kwa mathithi a Victoria Falls, opalasa odziwa ntchito amasiya zigawo zoyambirira za mpatawo madzi akakwera, ndipo madziwo akafika pachimake amaimitsa maulendo. Anthu amenewa amakhala pamadzipo tsiku ndi tsiku.

Tsono yankho langa ndi ili. Loweruka lino musiye mabwato. Yendani wapansi pamwamba pa mpatawo, musuzumire paliponse pofikika, mujambule, mufunsenso ngati alipo amene watsikamo kale. Mukadzalowa, mudzautenge ngati mtsinje wachilendo: malo omwe mumawaika pa giredi 3 pa muyeso wa kuopsa kwa madzi muwayese 4, ndipo pomwe simukuona mapeto mutsike mukaone kaye, wina ataima kumunsi ndi chingwe. Mpeni, kasowo kopinda ndi chipewa cholimba zisatsale. Mukagwa m'madzi othamanga musayese kuimirira, phazi lingalowe pakati pa miyala yomwe yangosunthayo.

Kumtunda kukamagwabe mvula, kapena mukaona madzi ayamba kudetsedwa ndi kunyamula zinyalala, tulukani pamalo oyamba otulukira. Ndipo wina akadzamva malungo ndi kuphwanya m'thupi patapita masiku angapo, akauze dokotala kuti anali m'madzi osefukira, chifukwa matenda a leptospirosis amalowera ngakhale pakabala kakang'ono.