Magazi ochepa si matenda amodzi: yankho kwa achemwali osamalira gogo ku Randburg

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Rosettenville, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano chifukwa funso lake ndimalimva pafupipafupi. Mwachidule walemba kuti: "Asisi, ine ndimasamalira gogo wina wa zaka 81 ku Randburg. Amati magazi ake ndi ochepa ndipo amamubaya jakisoni mwezi ndi mwezi. Mng'ono wanga nayenso kukiliniki amuuza kuti magazi ake ali pa 8 koma angomupatsa mapiritsi basi. Kodi amupeputsa poti ndi mlendo? Nanga ine wosamalira ndiziyang'ana chani?"

Achemwali, mtima pansi kaye. Ndikudziwa kuti ife alendo kuno ku Joni timakumana ndi zambiri pamizere ya zipatala, izo sindikana, koma pa nkhani iyi mng'ono wanuyo sanamupeputse. Kungoti ife kwathu timangoti "magazi achepa" ngati ndi chinthu chimodzi, pomwe anesi tikamva mawu amenewa funso loyamba limakhala lakuti achepa chifukwa chani? Magazi amachepa mwina poti akutayika penapake, mwina thupi likulephera kupanga atsopano, kapena akuwonongeka msanga nthawi yake isanakwane. Mankhwala amatsatira chifukwacho, osati nambala yokha.

Nambala ya 8 ija ndi Hb, kapena kuti hemoglobin, chinthu chofiira cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya m'thupi. Malire a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwamuna akhale pa 13 kupita m'mwamba, mkazi 12, woyembekezera 11. Komanso kumbukirani kuti Johannesburg ili pamalo okwera, mamita opitirira 1,700, ndiye thupi la munthu wokhala kuno limapanga magazi ochulukirapo pang'ono kusiyana ndi wa ku Nsanje, kotero 8 kuno ndi yotsika ndithu, osaitenga mwachibwana. Papepala la zotsatira pali nambala ina yomwe anthu saiyang'ana, MCV, imene imanena kukula kwa maselo ofiira. Ikakhala pansi pa 80 maselo ndi ang'onoang'ono ndipo nthawi zambiri vuto ndi ayironi. Ikapitirira 100 maselo ndi akuluakulu, apo timaganiza za vitamini B12 kapena folic acid. Mwaona tsopano? Zikuoneka kuti mng'ono wanu ali mbali ya ayironi, gogo wanu ali mbali ya B12.

Tiyambe ndi mng'ono wanuyo. Akanabwera kwa ine ndisanagwire ndi makina omwe ndikanamukoka chikope cham'munsi kuona ngati mkati mwake muli mofiira kapena mwayera, kenako zikhatho, lilime, ndi zikhadabo, chifukwa ayironi akasowa kwa nthawi yaitali zikhadabo zimathetheka, zina mpaka kulowa pakati ngati kasupuni. Pakhungu lathu lakudali simungadalire nkhope ayi, munthu amaoneka bwinobwino magazi atatsika kale. Ndiye mafunso. Akasamba amatha masiku angati, amasintha kangati patsiku, kumabwera zibuluma? Azimayi ambiri amayankha kuti "ndi mmene ndimakhalira" pomwe akutaya magazi ochuluka mwezi uliwonse, ena chifukwa cha zotupa za m'chiberekero. Funso lina lomwe anthu amachita nalo manyazi ndi la dothi. Dothi lija amagulitsa m'timapepala pafupi ndi ma renki a taxi, ndinafunsa mtsikana wina za ilo anayamba kuseka kenako anatsegula chikwama n'kundionetsa, amadya tsiku lililonse popita kuntchito. Chilakolako chimenechi nthawi zambiri ndi chizindikiro choti ayironi wachepa, ndipo dothilo limatsekerezanso ayironi wa m'zakudya kuti asalowe m'thupi.

Mapiritsiwo azimwa ndi madzi kapena juwisi wa malalanje, osati tiyi, osati mkaka. Tiyi wathu uja wamasamba timamwa ndi buledi m'mawa amagwira ayironi, ndiye pakhale maola awiri pakati. Chimbudzi chidzada, asadabwe, ndi mmene amachitira. Ena amadzimbidwa, ena nseru, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasiyira botolo lili pakati. Asasiye, abwerere kukiliniki akanene, pali njira yosintha kamwedwe. Hb ikakwera bwino amapitirizabe pafupifupi miyezi itatu kuti nkhokwe ya m'thupi idzadze. Ndipo botololo libisidwe patali ndi ana, mapiritsi a ayironi atha kupha mwana akawamwa ambiri.

Za masamba a mapeyala owiritsa ndi chidede ndikudziwa, amayi anga omwe amalumbirira zimenezo. Kufiira kwa madzi si magazi abale. Chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe, izi ndiye zimathandiza, komanso ufa wa m'mashopu kuno lamulo linayamba mu 2003 kuti azithiramo ayironi ndi folic acid. Koma munthu wa pa 8 chakudya chokha sichingamukweze msanga.

Tsopano gogo wanu. Jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa munthu wa zaka zimenezo kawirikawiri amakhala wa B12, mufunse nesi amene amabwera kudzabayayo akuuzeni dzina lake. Okalamba ambiri m'mimba mwawo simuthanso kuyamwa vitamini ameneyu, ndipo omwe amwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri amathanso kuchepekedwa. Chomwe chimandidetsa nkhawa pa B12 si magazi okha koma mitsempha. Dzanzi kumapazi ndi m'zala, kuyenda modzandira, kuiwalaiwala, lilime lofiira losalala lomwe limawawa akamadya. Banja limangoti ndi ukalamba. Inu amene mumamusambitsa ndi kumuveka masilipasi ndi amene mungaone msanga kuti gogo sakumva madzi otentha kuphazi, kapena wayamba kugwira khoma popita kubafa. Lembani m'kabuku, tsiku ndi zomwe mwaona. Chotsani timakapeti toterereka. Akamadzuka pabedi akhale kaye pansi mphindi imodzi kapena ziwiri chizungulire chidutse. Tsiku la jakisoni lisadumphe, poti mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali sibwerera yonse. Chonde musamugawireko mapiritsi a mng'ono wanu, komanso musamugulire folic acid ku pharmacy mwa inu nokha, chifukwa folic acid amatha kukonza nambala ya magazi pomwe mitsempha ikupitirira kuwonongeka mwakachetechete.

Chinanso pa okalamba, komanso azibambo. Bambo kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi ayironi wochepa, timafuna kudziwa kumene magazi akupita, ndipo nthawi zambiri ndi m'mimba kapena m'matumbo. Ufa wa mutu uja wa Grand-Pa muli aspirin, ndipo aspirin ndi ibuprofen ukamamwa tsiku ndi tsiku zimatha kukanda m'mimba mpaka kutuluka magazi. Chimbudzi chakuda ngati phula, chomata, chonunkha moipa kwa munthu amene sakumwa ayironi, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe.

Palinso ena amene magazi amachepa chifukwa cha matenda okhalitsa, TB, HIV, impso. Impso ndi zomwe zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi, zikafooka mapiritsi okha sakwanira. Ndiye pali sickle cell, nthenda yobadwa nayo yopinditsa maselo ofiira ngati chikwakwa, yomwe kwathu ilipo ndithu kuposa kuno ku South Africa, moti makolo muzinena msanga kwa dokotala kuti mwanayu ndi wa ku Malawi ndipo kubanja kuli vutoli. Maselo abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, a sickle cell amafa pa masiku 10 mpaka 20. Mwana wotere amafuna madzi ambiri, zovala zofunda mu June ndi July muno mukazizira, mankhwala a ululu mwachangu, ndipo thupi likangotentha ndi ulendo wa kuchipatala usiku womwewo. Ayironi samwa pokhapokha dokotala atayeza.

Ife apaulendo tisaiwalenso malungo. Mu Joni mulibe udzudzu wa malungo, ndiye munthu wabwera pa basi mu January kuchokera ku Mangochi, akutentha thupi, maso achita chikasu, osanena kuti anali kumudzi, atha kupatsidwa mankhwala a chimfine n'kubwerera kunyumba. Nenani komwe mwachokera. Amene anasamba m'nyanja atchulenso, likodzo limadya magazi pang'onopang'ono.

Zizindikiro zoti musadikire nazo, kaya ndi gogo kaya mng'ono wanu, ndi kupuma mwawefuwefu munthu atangokhala, mtima kuthamanga osaleka, kupweteka pachifuwa, kukomoka, miyendo kutupa, kapena kusokonezeka mutu mwadzidzidzi. Akafika poti amuwonjezere magazi, mphindi 15 zoyambirira nesi amakhala pafupi, ndipo inu mukaona kunjenjemera, zidzolo kapena akudandaula msana itanani pompo, osaopa kuti akukalipirani.

Mng'ono wanuyo ayang'ane pakhadi lake tsiku lobwerera. Pakatha milungu inayi akumwa bwino, Hb imayenera kukhala itayamba kukwera. Ngati idakali pa 8 pomwepo apemphe amuyeze ferritin, yomwe imaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, ndipo nkhani ya kusamba ija akainene yonse, ngakhale nesi wake atakhala wamwamuna.