Mizati ya ku Wits ndi Agiriki akale

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo ndimadutsa pa yunivesite ya Wits tsiku lililonse. N'chifukwa chiyani nyumba yake yaikulu ili ndi mizati ngati ya akachisi a Agiriki?

Yankho: Zikomo bambo. Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1922, nthawi imene Azungu ankaona kamangidwe ka Agiriki ndi Aroma ngati chizindikiro cha maphunziro ndi ulamuliro. Mukayang'anitsitsa kumutu kwa mzati uliwonse muona masamba osemedwa, mtundu wotchedwa Corinthian. Komatu kutengerako sikunali ndendende. Kachisi wa Parthenon ku Athens, amene anayamba kumangidwa mu 447 BC, mbali zake zina zinapakidwa utoto wofiira ndi wabuluu, koma utotowo utasuluka, mibadwo yotsatira inayesa kuti Agiriki ankakonda mwala wosapakidwa kanthu.