Bambo asiya kumwetulira: kodi atopa nafe kapena ndi matenda a Parkinson?

Wowerenga wina watilembera pa imelo kuti: "Bambo anga anawapeza ndi matenda a Parkinson. Masiku ano nkhope yawo imangoti duu, samwetulira ngakhale zidzukulu zikuwaseketsa, ndipo amayang'ana osaphethira. Amayi akuganiza kuti bambo atopa nafe. Titani?"

Choyamba, akhazikeni mtima pansi amayi. Chimenechi ndi chizindikiro chodziwika cha matendawa, ndipo madokotala amachitcha hypomimia. Chauma ndi minofu, osati chikondi cha bambo.

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, komwe maselo amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza ubongo kulamulira kayendedwe ka minofu. Maselowa akamafa, monga zimachitikira pa matenda a Parkinson, minofu imachedwa kuyamba kuyenda, imauma, ndipo imayenda pang'ono. Chomwe chimachititsa bambo kuponya mapazi pafupipafupi ndi kulemba tizilembo ting'onoting'ono ndi chomwechonso chagwira nkhope, yomwe ili ndi minofu pafupifupi 40. Kumwetulira kongobwera kokha munthu akasangalala ndiko kumayamba kuzilala. Mukawapempha kuti amwetulire angathe, ngakhale mochedwa. Munthu wabwinobwino amaphethira ka 15 mpaka 20 pa mphindi, koma wodwalayu amaphethira mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake maso amauma ndi kuyabwa. Mankhwala odontheza m'maso onyowetsa chabe amathandiza. Dovu nalo likamadontha si kuti malovu achuluka, koma sakumeza pafupipafupi.

Musanaike zonse pa Parkinson, onani izi. Nkhope ikapindika mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono n'kufooka kapena lilime n'kulemera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Onaninso mankhwala onse amene bambo akumwa. Haloperidol ndi chlorpromazine omwe amaperekedwa pa matenda a misala, ndiponso metoclopramide ndi prochlorperazine omwe amaperekedwa pa nseru, amatchinga dopamine ndipo amaumitsa nkhope kwambiri. Matenda ovutika maganizo nawonso ndi ofala mwa odwala Parkinson, koma simungawadziwe poyang'ana nkhope. Afunseni bambo mwachindunji ngati akugona bwino, ngati akudya, ngati zomwe ankakonda zikuwasangalatsabe. Akatchula zofuna kufa, auzeni adokotala tsiku lomwelo.

Pa mankhwala ndi pomwe mabanja ambiri angathandize kwambiri. Ngati bambo akumwa levodopa wosakaniza ndi carbidopa, omwe ndi mankhwala odziwika a Parkinson, tengani kope ndipo kwa sabata imodzi muzilemba nthawi yomwe amwa piritsi, nthawi yomwe nkhope yamasuka, ndi nthawi yomwe yaumanso. Mukaona kuti imauma nthawi ya piritsi lotsatira isanakwane, ndiye kuti mphamvu ya mankhwala ikutha msanga, ndipo kopelo liwathandiza adokotala kusintha nthawi kapena mlingo. Levodopa amalowa bwino m'thupi akamwedwa mphindi 30 munthu asanadye kapena ola limodzi atadya, chifukwa zakudya zomanga thupi monga nyama, mazira ndi mkaka zimalimbana naye m'matumbo. Mapiritsi owonjezera magazi a iron muziwatalikitsa ndi maola awiri. Musawonjezere mlingo wa levodopa panokha, chifukwa akachuluka thupi ndi nkhope zimayamba kugwedezeka ndi kupotoka zokha. Musawasiyitsenso mwadzidzidzi, popeza thupi likhoza kutentha kwambiri, kuuma gwa, mutu n'kusokonezeka.

Zolimbitsa minofu ya kumaso azichita pagalasi, mphindi 10 kawiri pa tsiku, pa nthawi yomwe mankhwala akugwira ntchito. Akweze nsidze n'kuzigwira masekondi 5, atsinzine mwamphamvu, amwetulire mpaka mano onse aoneke, afufumitse masaya, kenako atchule a, e, i, o, u mokokomeza, chilichonse ka 10. Galasilo lisasowe, chifukwa wodwala amamva ngati wamwetulira kwambiri pomwe milomo yangosuntha pang'ono. Kuwerenga mokweza ndi kuimba kumathandizanso. Kumene kuli katswiri wa kalankhulidwe, funsani za LSVT LOUD, maphunziro 16 a ola limodzi, kanayi pa sabata kwa masabata anayi, omwe cholinga chake ndi kukweza mawu koma nkhope nayo imapindulako. Kunena zoona, zonsezi sizibwezera nkhope mmene inalili, koma zimathandiza bambo kumwetulira mwadala pamene akufuna.

Kunyumba, khalani moyang'anizana nawo polankhula, ndipo mukafunsa dikirani, musawayankhire. Zidzukulu zifotokozereni kuti agogo akumva ndipo akusangalala, koma nkhope yawo imachedwa. Bambonso azolowere kunena ndi pakamwa kuti "ndakondwa" kapena "zandikhumudwitsa". Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ululu nawonso suoneka pankhope yotere. Akagwa, akadwala kapena akagonekedwa m'chipatala, auzeni anamwino kuti aziwafunsa bambo pomwe pakupweteka ndi kukula kwa ululuwo, chifukwa akadikira kuti aone tsinya akhoza kuwasiya osawapatsa mankhwala opha ululu.