Funsani Amalume: Bwanji Atchaina pa TV amangobwerezabwereza mawu?

FUNSO: Amalume muli bwanji kumeneko? Ine ndine mtsikana wa ku Kapata kuno ku Chipata, ndimagwira ntchito mu shopu ya Mtchaina ndipo chaka chino ndayamba kuphunzira Chitchaina pa foni, nde usiku ndikagula bando ndimaonera mapulogalamu awo ocheza aja pa YouTube. Manje chondidabwitsa nchakuti mlendo akamalankhula wofunsa uja ali "dui dui dui dui" osapuma, kenaka atenge mawu omaliza a mlendo nkuwabwereza ngati mwana wa giredi 1. Ndi chibwibwi kapena mwano? Chinanso, tsiku lina ndinapempha abwana kuti ndikaone amai ku Katete, anangoti "hao hao hao" uku akuwerenga ndalama, ine basi ulendo. Pobwera Lolemba ndapeza nkhope yakwinya. Ndinalakwa pati?

YANKHO: Mphwanga, chibwibwi iai, mwanonso iai. Ndiyambe nkukufunsa iweyo. Agogo akamati "Panangokhala" madzulo pamoto, inu mumayankha chani? "Tili tonse." Anene pang'ono, inu "tili tonse" kachiwiri, mpaka nthano ithe, ndipo mukangoti zii agogo amaleka, ati mwagona. Nde "dui dui dui" uja ndi tili tonse wawo. Dui amatchula ngati "dwei", ndiye kuti "zoona", shi ndi "ndi momwemo", hao ndi "chabwino". Wofunsa sakulanda nkhani, akuuza mlendo kuti pitirizani ndikumva.

Koma pali china chimene mabuku ophunzitsa amachithamangira, pomwe kwa ife Achewa nchosavuta ngakhale pang'ono. Chitchaina chilibe liwu limodzi lokwana paliponse ngati "inde". Munthu akafunsidwa amangobweza mneni wa mu funsolo. "Ni chi le ma?" ndiye kuti wadya? Yankho ndi "chi le", ndadya. Upita? "Qu", ndipita. Si mmene timachitira ife kodi? "Mwauka?" "Tauka." "Mwafika?" "Tafika." Palibe amati ukundiyeseza. Nde kubwereza kwina kumene ukuona pa foni ndi mayankho chabe, galamala yawo inamangidwa choncho. Ngakhale funso lenileni amalipanga pobwereza, "hao bu hao", chabwino kapena si chabwino, "shi bu shi", eti kapena ai. Palinso "kan kan", taonako pang'ono, "tian tian", tsiku ndi tsiku, "man man", pang'onopang'ono, waona ngakhale ife tabwereza.

Tsopano zotenga mawu omaliza a mlendo zija, apa nde pali luso. Tiyerekeze mlendo wati "ndinakhala zaka 3 osapita kwathu", wofunsa nkungoti "zaka 3". Sanafunse kalikonse koma mlendo amadziwa kuti akuyenera kumasula thumba, chifukwa chani zaka 3, kunachitika chani. Ndipo ife oonera amene tinali bize kupakula nsima tamva kachiwiri pamene pali mtima wa nkhani. Akakweza mawu kumapeto, "zaka 3?", ndiye wadabwa kapena sakukhulupirira. Akatsitsa mawu nkunena mofatsa ndiye akupepesa, monga pa maliro munthu akati "anangodwala masiku awiri" ife timati "masiku awiri, aa pepani". Tamvetsera pa Breeze FM pulogalamu yoimba foni, wofunsa akuchita zomwezo, kungoti ndi chilankhulo chako nde khutu silidabwa.

Ngati ufuna zoonera, mapulogalamu otere kwawo anatchuka ndi Shihua Shishuo ya Cui Yongyuan imene inayamba mu 1996 pa CCTV, TV ya boma la China. Mai Chen Luyu amene anatchuka pa Phoenix TV ya ku Hong Kong amadziwika ndi kamawu kawo kakuti "zhen de ma?", zoona eti?, anakabwereza mpaka Atchaina anzawo amakaseka pa intaneti, nde usaganize kuti kwawo kubwereza kulikonse kumakoma. Ine imene ndimaikonda ndi Qiang Qiang San Ren Xing ya Dou Wentao, inayenda kuyambira 1998 mpaka 2017, anthu atatu chabe patebulo kucheza ngati ali pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo uchere khutu bwino chifukwa "dui dui dui" amasintha ntchito, munthu amavomera mothamanga kenaka "danshi", ndiye kuti "koma", basi walowa, nkhani waitenga. Ndendende ankhoswe pa mlandu wa banja, "eya eya eya tamva, komatu..." Kuvomera kuja kunali kupempha njira.

Apa nde tafika pa abwana ako. "Hao" mmodzi, atakuyang'ana kumaso, ndi chilolezo. "Hao hao hao" wamsangamsanga maso ali pa ndalama, nthawi zambiri ndi uja wa "chabwino chabwino ndamva, ndisiye kaye". Amai ako sanakuuzepo "eya eya pita" ali pakati posefa ufa, madzulo nkukufunsa kuti unali kuti? Mwina abwanawo sanamve nkomwe kuti wanena za Katete. Sindikuti iwo analibe cholakwa, munthu wamkulu ukavomera wavomera, koma ntchito ndi yako mphwanga, si ya Amalume.

Ulendo wina dikira atseke kabati ya ndalama, uime pamene akukuona, unene kuti "mingtian wo bu lai, keyi ma?", mawa sindibwera, nzotheka? Usachoke mpaka akubwezere liwu lomwelo, "keyi". Akati "bu keyi" ndiye wakanizidwa, amai uwaimbire foni chabe. Undipatsireko moni ku Katete.