Kodi oonera masewera a anthu aulumali amakhala akungomva chisoni?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ali ndi vuto la maso, ndipo aphunzitsi ake akufuna kuti ayambe kukonzekera mipikisano yothamanga ya anthu aulumali. Abale anga akukana, akuti kumeneko n'kuika mwana pachionetsero, ndipo anthu akamamuombera m'manja adzakhala akungomumvera chisoni. Kodi maganizo a anthu pa masewera amenewa anasinthadi, kapena abalewa akunena zoona? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, nkhawa ya abale anuyo ili ndi pochokera, chifukwa kwa zaka zambiri masewera a anthu aulumali ankatengedwa ngati mbali ya chithandizo cha kuchipatala kapena ntchito yachifundo. Ndipo masewera a Paralympic, omwe ndi mpikisano waukulu wa anthu aulumali padziko lonse, anayambiradi kuchipatala. Dokotala Ludwig Guttmann, yemwe ankasamalira asilikali ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England, anakonza mpikisano woponya mivi pa 29 July 1948, tsiku limene masewera a Olympic ankatsegulidwa ku London, ndipo opikisana analipo 16 okha. Pofika mu 1960, anthu pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23 anakumana ku Rome pa masewera oyamba a Paralympic, ndipo kuyambira mu 1988 ku Seoul masewerawa akhala akuchitikira mumzinda umodzi ndi a Olympic. Ku London mu 2012 kunagulidwa matikiti a Paralympic oposa 2.5 miliyoni. Ine sindikhulupirira kuti chisoni chokha chingadzaze mabwalo akuluakulu kwa masiku oposa khumi otsatizana.

Chimene chinasintha mitima ya anthu kwambiri ndi kuona kuti masewerawa ali ndi malamulo okhwima, ndiponso kuti wina amapambana, wina n'kulephera. Othamanga amene ali ndi vuto la maso, mwachitsanzo, amapimidwa ndi akatswiri n'kuikidwa m'magulu atatu otchedwa T11, T12 ndi T13, malinga ndi mmene amaonera. Wa gulu la T11 amavala chophimba kumaso ndipo amathamanga ndi womutsogolera, awiriwo atagwira kachingwe kakafupi. Mapazi awo amayenera kugunda pansi mogwirizana, mikono n'kumayendera limodzi, wotsogolerayo akumuuza mnzake za pokhota ndi za amene akubwera m'mbuyo. Wotsogolerayo saloledwa kumukoka kapena kumukankha, ndipo akadutsa mzere womaliza wothamangayo asanadutse, awiriwo amachotsedwa mumpikisano, ngakhale atakonzekera kwa zaka zinayi. Munthu amene waonapo zimenezi ndi maso ake amadziwa kuti m'bwalomo mulibe kunyengererana.

Nthawi imene othamangawa amathamanga nayonso imadzichitira umboni. Ku Rio de Janeiro mu 2016, Abdellatif Baka wa ku Algeria, yemwe ali m'gulu la T13, anapambana mpikisano wa mamita 1,500 pa mphindi 3 ndi masekondi 48.29, pamene amene anatenga mendulo yagolide pa mtunda womwewo pa masewera a Olympic chaka chomwecho anathamanga pa mphindi 3 ndi masekondi 50. N'zoona kuti a Olympic aja anayamba pang'onopang'ono pozondana, choncho mipikisano iwiriyi singafanane m'zonse, komabe nkhaniyi inachititsa anthu ambiri kusiya kufunsa za maso a Baka n'kuyamba kukamba za liwiro lake.

Ngakhale zili choncho, pali mbali imene abale anu akulondola, ndipo imandikhudza kwambiri. Chisoni sichinatheretu, chinangovala malaya ena. Masiku ano anthu ena amatamanda wothamanga waulumali mopyola muyeso, kumutcha ngwazi chifukwa chongofika pabwalo, osasamala n'komwe kuti wathamanga bwanji. Osewera ambiri aulumali akhala akudandaula za matamando otere, chifukwa amasonyeza kuti wotamandayo sankayembekezera kanthu kwa iwo. Komanso chidwi cha anthu chimakwera pa nthawi ya Paralympic yokha, pamene m'zaka za pakati osewera ambiri amasowa mabwalo oyenera, zipangizo ndi owathandiza ndi ndalama.

Pa za mwana wanuyo, woyamba kumufunsa ndi iye mwini, popeza pa msinkhu wa zaka 15 akudziwa ngati kuthamanga kumamusangalatsa kapena ayi. Akavomera, pitani mukaonerere akamakonzekera, ndipo muonetsetse mmene mphunzitsi akuchitira naye. Mphunzitsi amene akumuyeza nthawi ndi wotchi, kumukonza kapondedwe, ndi kumuuza mosabisa tsiku limene sanachite bwino, ndiye amene akumulemekeza ngati wothamanga, pamene womuyamikira pa chilichonse akhoza kumusiya pomwe anam'peza. Funsaninso ngati malo othamangirapo ndi osalala ndi opanda zopunthwitsa, ndipo mupite naye kwa dokotala wa maso, chifukwa zikalata za dokotalayo zidzafunika pomuika m'gulu loyenera asanalowe m'mipikisano ikuluikulu. Abale akukanawo musalimbane nawo ndi mawu, koma tsiku lina muwatenge akaone okha mwanayo akuthamanga ndi anzake, kenaka mudzakambirane nawonso nkhaniyi mwanayo ali pomwepo.