Mwapatsidwa uhedi koma aphunzitsi akuluakulu sakukumverani: yankho langa kwa achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene angomupatsa kumene uhedi pa sukulu ina ya pulayimale muno mu Blantyre. Sanalembe zambiri. Akuti aphunzitsi ena amene wawapeza pasukulupo ndi aakulu kwa iye, ena anayamba kugwira choko iye asanalembe n'komwe mayeso a Sitandade 8, ndiye akamalankhula amangomuyang'ana. Akufunsa kuti atani kuti azimumvera. Ndinaiwerenga usiku nditagona kale, ndipo tulo tinabalalika. Achemwali, mwandigwira pachilonda.

Ine ndinayamba uphunzitsi mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Amene munali ana nthawi imeneyo simungamvetse mmene zinalili. Dziko lonse linali ndi ana a pulayimale pafupifupi 1.9 miliyoni, koma chaka chimodzi chokha anafika cha m'ma 3 miliyoni. Anabwera ana a zaka zisanu ndi chimodzi, anabwera anyamata ometa kale ndevu, onse kudzakhala pansi pa mtengo umodzi. Aphunzitsi anaperewera, ndiye anatitola ife zikwizikwi, anatipatsa maphunziro a masabata ochepa, basi kalasi ndi iyo. Maphunziro enieni ndinadzachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi amene anali kale pa ntchito, imene inayamba mu 1997. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ine ndinazolowera kuponyedwa m'madzi ndisanaphunzire kusambira. Komabe pa zonse zimene ndinakumana nazo, palibe chinandiwawa ngati teremu yanga yoyamba ya uhedi.

Kalata inabwera Lachinayi. Lolemba ndinali kale pa sukulu yatsopano. Ahedi amene ankapuma ntchito anandipatsa makiyi, chidindo, logi buku ndi kabati yodzaza ndi marejisitala akale, anandigwira chanza, n'kunyamuka. Palibe anandikhazika pansi kundiuza kuti ntchitoyi imayambira apa. Ndinakhala mu ofesi muja ndekha, panja ana oposa zikwi ziwiri akuchita phokoso, aphunzitsi ali pakhonde akunong'onezana, ine mtima uli thithithi. Ndinadziuza kuti ndikapanda kuonetsa mano sabata yoyamba, andikwera pamutu mpaka kalekale.

Ndiye ndinagwira taimu buku, buku limene aphunzitsi amasainamo akafika pa ntchito. Ikangokwana 7:30 ndinkadula mzere wofiira, ndipo aliyense wosaina pansi pa mzerewo ndinkamuitanira mu ofesi. Panali abambo ena achikulire, ophunzitsa masamu ku Sitandade 8, amene ankachedwa pafupifupi tsiku lililonse. Sabata yachitatu analowa pageti asembule ili mkati. Ndinasiya zimene ndinkalengeza, ndinawatchula dzina, n'kuwafunsa pamaso pa ana onse ngati sukuluyi ndi ya kunyumba kwawo. Ana ena anaseka. Abambo aja sanayankhe. Anavula chipewa, anaima pambali mpaka asembule itatha, kenako anapita kukalasi kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inandizizirira. Palibe anandinyoza, palibe anakana ntchito. Masikimu ankabwera pa nthawi yake, malesoni pulani ali pa tebulo langa, koma ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi nkhani zinkatha. Pa miting'i ndikafunsa maganizo, onse ankangoti, "Monga mwanenera, ahedi." Ndinkapita kunyumba madzulo ndili wotopa ngati ndalima munda wonse ndekha. Patapita mwezi ndi pamene depiti wanga anandiuza, mwina atandimvera chisoni, kuti akazi awo a abambo aja anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo m'mawa uliwonse abambowo ankayamba awasambitsa, kuwaphikira phala ndi kuwadyetsa, kenako n'kuyenda wapansi kudzafika kusukulu chifukwa ndalama ya minibasi inkathera ku mankhwala. Aphunzitsi onse ankadziwa. Ahedi akale ankadziwa, n'chifukwa chake anawaikira mapiriyodi awo kuyambira wachiwiri. Wosadziwa ndinali ine ndekha, ndipo sindinadziwe chifukwa sindinafunse. Mpaka lero ndikakumbukira chipewa chija m'manja mwawo, m'mimba mumanditentha.

Amene anandipulumutsa ndi amayi ena, ahedi a sukulu yoyandikana nafe m'zoni momwemo. Tinakumana ku TDC, likulu la zoni kumene aphunzitsi amakumanirana, pa miting'i ya ahedi. Miting'i itatha anandikokera pambali n'kunena kuti nkhope yanga sikuoneka bwino, ndipite kusukulu kwawo Lachisanu. Ndinapita ndikuganiza kuti akandionetsa mafayilo. Mu ofesi sindinawapezemo. Mwana wina ananditengera ku Sitandade 1, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa simenti kumbuyo kwa kalasi ya ana oposa zana, atayala chitenje, akuthandiza kamtsikana kena kugwira pensulo pamene mphunzitsi wa kalasiyo ankaphunzitsa kutsogolo. Belu litalira sanamudzudzule mphunzitsi uja pamaso pa ana. Anayenda naye mpaka pansi pa mtengo wa mango, anayamba ndi kumuyamikira pa nyimbo imene anayambira phunziro, kenako anamufunsa kuti akuganiza kuti ana a kumbuyo aja anaona zimene analemba pa bolodi. Mphunzitsi uja anaganiza pang'ono, n'kunena yekha kuti mawa alemba zilembo zazikulu ndipo aziyenda pakati pa mizere. Ine ndinangoti kakasi. Teremu yonse ndinali ndisanalowepo m'kalasi ya munthu aliyense kukaona mmene ana akuphunzirira. Ndinkangoona mabuku osainira.

Nditawafotokozera za abambo aja, sanandinyengerere. Anati ndinalakwa, ndipo popeza ndinalakwira pagulu, kupepesa kwa kuseri kokha sikukwanira. Anandikumbutsa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye ine dambo langa ndinali nditaliwotcha ndekha. Loweruka ndinatenga depiti wanga, shuga ndi sopo, tinapita kunyumba kwa abambo aja. Ndinagwada. Lolemba pa miting'i ya aphunzitsi ndinanenanso pamaso pa onse kuti ndinalakwitsa. Mawu ankanjenjemera koma ndinamaliza. Sikuti zonse zinasintha tsiku lomwelo ayi, zinatenga teremu ina yathunthu. Abambo aja ndi amene anadzakhala mkulu wa chigawo cha makalasi akuluakulu, ndipo aphunzitsi onse atsopano ochokera ku koleji ndinkawapereka m'manja mwawo.

Tsopano ndinene zimene zakhala zikundidya mumtima zaka zonsezi. Dziko lino timalakwira ahedi, ndipo tikalakwira ahedi talakwira ana. Mphunzitsi timamutumiza ku koleji, kaya ku Blantyre TTC kaya kwina, amaphunzira, amachita tichin'gi pulakitisi, amayesedwa. Koma munthu woti ayang'anire aphunzitsi makumi atatu, ana zikwi, ndalama, makolo, mafumu ndi zimbudzi, nthawi zambiri timangomupatsa kalata ndi makiyi. Timaganiza kuti wodziwa kuphunzitsa ndiye kuti adziwanso kutsogolera akuluakulu anzake. Si zoona. Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mwana wa Sitandade 3 ukamukalipira mawa waiwala, koma munthu wa zaka makumi asanu amene wakhala pa giredi imodzi zaka zambirimbiri osakwezedwa, n'kuona wamng'ono kwa iye akupatsidwa ofesi, ali ndi bala lake kale iwe usanatsegule pakamwa. Aphunzitsi anu aja, achemwali, mwina sakudana ndi inu. Mwina mwangokhala nkhope ya zinthu zimene zinawapweteka inu musanafike.

Ndipo maphunziro a masiku atatu ku holo, olandirira alawansi n'kubwerako ndi fayilo, ine sindiwakhulupiriranso. Ndapitako kambirimbiri. Zimene ndinaphunzira Lachisanu limodzi lija pa simenti zimaposa onsewo. Bwanji hedi aliyense watsopano asamapatsidwe hedi wina wachikulire wa m'zoni mwake woti aziyenda naye chaka chathunthu? Sizifuna galimoto, sizifuna ndalama za mabungwe akunja. Masukulu a m'tauni muno ndi oyandikana, ena ungayende wapansi. A PEA (Primary Education Advisor), amene amayendera masukulu a m'zoni, nawonso ntchito yawo yeniyeni ndi ulangizi, dzina lawo likutero, koma masukulu ndi ambiri, mafomu ndi ambiri, ndiye nthawi yokhala pansi ndi hedi mmodzi kumumvetsera imasowa. Mu 2015 kunatuluka buku la National Education Standards, lokhala ndi miyezo 26, ndipo ina mwa iyo imakamba za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu. Ndi buku labwino, muliwerenge. Koma buku silingakuuzeni kuti abambo a masamu aja ali ndi matenda kunyumba.

Za komiti ndi ndalama

Simunafunse za izi koma ndinena, chifukwa ahedi ambiri amene ndawaona akugwa, sanagwe chifukwa cha taimu buku. Anagwa ndi ndalama. Ndalama ya SIG, imene boma limapereka yotukulira sukulu, ikafika, musaigwire nokha ngakhale mutakhala wokhulupirika bwanji. Itanani komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a Mother Group, muwerenge limodzi zimene munagwirizana mu pulani yotukula sukulu, ndipo zonse zimene mwagula muzimate pakhoma pomwe kholo lililonse lingawerenge. Aphunzitsi amayang'ana zimenezi kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Mphunzitsi amene akupempha choko osapatsidwa, n'kuona ofesi ya ahedi yapentedwa, sadzakumveraninso ngakhale mutalankhula ngati mngelo. Chimodzimodzi ufa wa phala. Kuyambira pamene Mary's Meals inayamba kudyetsa ana kuno mu 2002, masukulu ambiri a mu Blantyre ali ndi sitoro ndi amayi odzipereka amene amadzuka m'bandakucha kudzasonkha moto. Amayi amenewo muwadziwe mayina, muziwapatsa moni musanalowe mu ofesi. Nkhani za sukulu yanu zimafika m'makomo kudzera mwa iwo.

Ndikamanena za ulemu ndimakumbukira Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu anathawira kuti? Kusukulu. Makalasi anasanduka malo ogona, ndipo ahedi anapezeka akulemba mayina a anthu, kugawa zipinda, kuyang'anira zimbudzi, kutonthoza ana amene makolo awo sanapezeke. Izi zinachitika patangopita miyezi iwiri kuchokera pamene kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale. Palibe koleji inawaphunzitsa zimenezo. Ine ndinali nditapuma kale ntchito, koma ndinapita kukathandiza mnzanga wina amene anali hedi, ndipo ndinaona aphunzitsi ake akubwera okha osaitanidwa, ena nyumba zawo zitagwanso, atanyamula ndowa ndi mbaula. Anabwera chifukwa mayi ameneyu anakhala akupita kumaliro a abale awo, anakhala akuwagwirira kalasi mwana akadwala. Mzere wofiira sukanawatulutsa m'nyumba tsiku limene lija.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti muzilekerera. Mphunzitsi wobwera ataledzera, womenya ana, kapena wogwiragwira atsikana, ameneyo mulembereni lipoti tsiku lomwelo, kaya ndi wamkulu ngati agogo anu. Pamenepo palibe zonyengerera, ndipo aphunzitsi abwino adzakulemekezani chifukwa cha zimenezo. Ngakhale wongochedwa popanda chifukwa, muuzeni, kachiwiri mulembereni. Koma muuzeni muli awiri, chitseko chotseka.

Ndiye muchite izi. Sabata ikubwerayi itanani aphunzitsi akuluakulu aja mmodzimmodzi, osati kudzawaweruza, koma kudzawafunsa kuti sukuluyi yadutsa muti, chimene chikuyenda ndi chiyani, chimene akanakonda chitasintha ndi chiyani. Lembani zimene akunena iwo akuona, ndipo chimodzi mwa izo muchichite mwezi usanathe. Aliyense mumupatse udindo weniweni, kaya chigawo, kaya mayeso, kaya kulera aphunzitsi atsopano, ndipo mukapereka musamalowererenso. Dzitengereni phunziro limodzi pa taimutebulo, makamaka ku makalasi aang'ono kumene ambiri amakuthawa, kuti akuoneni ndi choko m'manja. Depiti wanu musamubise kanthu. Kenako funsani a PEA kuti m'zoni mwanu hedi amene aphunzitsi ake amamukonda koma ana akukhozanso ndi ndani, mupite mukakhale naye tsiku lathunthu. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze kuti munamupeza ali mu ofesi kapena m'kalasi.